Mmene mungapezere ndalama zopangira zida zaumoyo za anthu a autism, eni ake ali patsogolo

Ngati pagulu lanu pali anthu a autism (kusiyana kwa mmene ubongo umagwirira ntchito, komwe kumakhudza mmene munthu amalankhulirana ndi kukhalira ndi anzake), makolo kapena abale awo, ndipo mwakhala mukufuna kupanga kanthu kothandiza pa zaumoyo koma ndalama ndi imene yakumangani manja, tiyeni tikambirane mmene zimayendera. Ndinene poyera poyambirira pompano, ndalamayo ikapezeka iyambe yafika kwa anthu a autism amene agwire ntchitoyo, isathere ku misonkhano yoti anthu ena akukambirana za iwo eni ake kulibeko.

Musanapemphe kwa aliyense, khalani ndi yankho la funso loti vuto ndi chani kwenikweni, chifukwa opereka ndalama amafunsa zimenezo basi. Apa umboni ulipo ndithu. Kafukufuku wa ku Sweden yemwe anatuluka mu 2016, wa Tatja Hirvikoski ndi anzake, anaona anthu a autism oposa 27,000 ndipo anapeza kuti omwe anamwalira ankamwalira ali ndi zaka pafupifupi 54, pomwe anthu ena ankafika 70, ndipo zina mwa zomwe zinkawatenga kwambiri ndi khunyu komanso kudzipha. Kafukufuku wina wa 2022, wotsogoleredwa ndi Mary Doherty, dokotala yemwe nayenso ndi wa autism, anapeza kuti akuluakulu a autism 80 pa 100 alionse zimawavuta kukaonana ndi dokotala, ndipo 62 pa 100 anati kungoimba foni yopempha tsiku lokaonana ndi dokotalayo ndi phiri kale. Taganizani, munthu akudwala, mankhwala alipo, koma chamutsekereza ndi foni. Mavuto ngati amenewa ndi omwe gulu laling'ono lingathe kuwagwira ndi ndalama zochepa.

Ndiye sankhani chinthu chimodzi. Chimodzi chokha, osati "tikufuna kutukula umoyo wa anthu a autism", zimenezo palibe angadziwe kuti ndalama yake igula chani. Afunseni eni ake kuti kuchipatala chimawavuta kwambiri n'chiyani, ndipo afunseni m'njira zingapo, ena ayankha polemba pa WhatsApp, ena pojambula, ena amene salankhula ndi pakamwa aloza zithunzi kapena ataipa pa foni, musangomvera okhawo olankhula bwino pagulu. Mwina chituluke ndi kakhadi koti munthu azimupatsa nesi akangofika, kolembedwa kuti: "Ndikamva kuwawa nkhope yanga sionetsa. Mundiuze musanandigwire. Mundifunse funso limodzi limodzi ndipo mudikire, ndiyankha. Magetsi owala kwambiri ndi phokoso zimandisokoneza, ngati n'kotheka ndidikirire panja." Kapepala kotere kamaoneka kochepa koma kamasintha mmene ulendo wonse wa kuchipatala uyendere. Mwinanso ndi kavidiyo koonetsa sitepe ndi sitepe zomwe zimachitika potenga magazi, kuyambira pomanga mkono mpaka pomata plasitala, kuti munthu apite akudziwa chomwe chikubwera.

Musanalembe proposal, kalata yopemphera ndalama, onani zomwe ena anapanga kale. Gulu la AASPIRE la ku America, lomwe linayamba mu 2006 ndi Christina Nicolaidis ndi Dora Raymaker, limagwira ntchito ofufuza ndi anthu a autism ali pa tebulo limodzi ngati ofanana, ndipo ndi ndalama za National Institute of Mental Health, bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa umoyo wa m'maganizo, anapanga zida zaumoyo zomwe zili pa intaneti, munthu amayankha mafunso n'kutulutsa kalata yake yake yokapatsa dokotala. Ku UK bungwe la National Autistic Society lili ndi chomwe amachitcha My Health Passport, fomu yomwe munthu amalembapo zosowa zake n'kukapatsa ogwira ntchito kuchipatala. Kutchula zimenezi mu proposal kumaonetsa kuti simukulota, njirayi ena anayenda kale, inu mukungoikonza kuti igwirizane ndi chilankhulo ndi zipatala za anthu anu.

Tsopano bajeti, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga uli. Magulu ambiri amaika ndalama ya wopanga dizaini, ya kupulinta, ya holo, koma munthu wa autism yemwe wakhala maola ambirimbiri akufotokoza zinthu zowawa zomwe anakumana nazo kuchipatala amangomuuza kuti zikomo kwambiri. Ayi. Chimene iyeyo akudziwa ndiye chuma cha pulojekiti yonseyo, alipidwe ngati katswiri wina aliyense, pa ola kapena pa ntchito, ndipo mzere umenewo ukhale woyamba mu bajeti. Mufunseni kaye mmene akufuna kulandirira, chifukwa m'maiko ena munthu wolandira thandizo la boma la olumala akalandira ndalama ina thandizolo limatha kuchepetsedwa, ndiye musamuike m'mavuto mukuganiza kuti mukumuthandiza. Ikaninso ndalama ya mayendedwe, ya data, ya munthu womuperekeza ngati amafunika womuthandiza, ya chipinda chabata chopanda phokoso, ya womasulira, komanso ya dokotala kapena nesi woti awerenge zonse zachipatala musanatulutse, poti uthenga wolakwika pa za mankhwala a khunyu ungathe kupha munthu. Nthawinso muikeko yokwanira, ntchito yopangira limodzi imachedwa, anthu amatopa, amafuna mafunso atumizidwe masiku angapo msonkhano usanachitike, ndipo ndi bwino kumuuziratu wopereka ndalama kusiyana n'kudzathamangitsa anthu kumapeto.

Kokapempha kulipo kungapo. Mabungwe a anthu olumala ndi a zaumoyo amakhala ndi timathumba ta ndalama zochepa tomwe fomu yake siivuta, yambirani kumeneko. Mayunivesite nawo amafuna magulu oti agwire nawo ntchito pa kafukufuku, koma mukalowa mgwirizano wotere lembani pansi kuti ndani akusunga ndalama, ndani akupanga ziganizo, komanso maina a ndani adzaoneke pa chinthucho chikatha. Ngati gulu lanu silinalembetsedwe ndipo mulibe akaunti, pezani bungwe lolembetsedwa loti likusungireni ndalamazo, musalandirire mu akaunti ya munthu mmodzi, zimenezo zimadula ubale ngakhale palibe waba.

Kusonkhetsa pa intaneti monga pa GoFundMe kumathekanso, koma chonde musagwiritse ntchito chithunzi cha mwana akulira kapena atasokonezeka kuti anthu amve chisoni, mwanayo adzakula ndipo chithunzicho chidzakhala chilipobe. Onetsani chinthu chomwe mukupangacho, kakhadi kaja ngakhale kakadali kolemba pamanja, anthu amapereka akaona chogwirika.

Ndalama zina ndi zokana. Wina akabwera ndi thandizo koma akufuna muike dzina la mankhwala ake omwe akuti amachiza autism, mubwezeni, autism ilibe mankhwala oichotsa, ndipo zina zomwe zimagulitsidwa ndi poizoni weniweni, monga MMS yomwe bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza mu 2019 kuti kumwa kwake n'chimodzimodzi kumwa bulitchi.

Chinthucho chikatha chiyeseni ndi anthu a autism omwe sanali nawo popanga, komanso ndi manesi awiri atatu, muone ngati kakhadiko akukawerengadi pa nthawi yoti pamzere pali anthu ambiri, mwina mupeza kuti mawu achuluka ndipo pofunika kudula. Kenako chiikeni pa laisensi ya Creative Commons kuti gulu lina lithe kumasulira osayamba kupempha chilolezo, ndipo mu bajeti musiyemo kandalama ka chaka chotsatira, kolipirira webusaiti, kupulintanso ndi kukonza zomwe zasintha. Sungani malisiti onse kuyambira tsiku loyamba, ndipo lipoti lanu mulilembe kawiri, lina la wopereka ndalama ndi lina la mawu osavuta lopita kwa anthu omwe anagwira ntchitoyo kuti aone okha mmene ndalama inayendera.