Momwe Mungadziwire Ngati Malikisi a SAT Angakuthandizeni Kupeza Malo ku Yunivesite ya ku America

Wophunzira amene wakhoza bwino MSCE ndipo akufuna malo ku yunivesite ngati Harvard, kumene zaka zaposachedwapa amatenga anthu pafupifupi 4 pa 100 alionse ofunsira, adziwe kuti malikisi abwino a SAT, mayeso amene mayunivesite ambiri a ku America amagwiritsa ntchito posankha ophunzira, amachititsa kuti fomu yake iwerengedwe mwachidwi, koma paokha sapereka malo.

Choyamba, fufuzani lamulo la yunivesite iliyonse lokhudza SAT pa tsamba lake la pa intaneti, chifukwa malamulowa akhala akusinthasintha. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, mayunivesite ambiri adasiya kukakamiza mayesowa. Yunivesite ya MIT idawabwezeretsa mu 2022, Dartmouth, Brown ndi Harvard zidatsatira mu 2024, pomwe University of California siwayang'ana n'komwe posankha ophunzira.

Kenako lembani pa Google dzina la yunivesiteyo ndi mawu akuti Common Data Set, chikalata cha ziwerengero za yunivesiteyo. M'chikalatacho, gawo C7 limaonetsa kulemera kumene sukuluyo imapereka ku mayeso poyerekeza ndi zotsatira za kusekondale, nkhani yodzilembera wekha ndi makalata a aphunzitsi, ndipo gawo C9 limaonetsa malikisi a amene adayamba maphunziro chaka chathacho. SAT imawerengedwa pa 1600, theka ndi masamu, theka linalo ndi kuwerenga ndi kulemba Chingerezi.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Akaona kuti malikisi awo ali pansi pa manambala a mu C9, amawabisa posawatumiza ngati sukuluyo ikulola kutero. Komatu pobwezeretsa mayesowa, akuluakulu a Dartmouth adafotokoza kuti ana ena a m'mabanja osauka ankabisa malikisi ngati 1400, omwe akadawathandiza, popeza osankha amayeza malikisi molingana ndi kumene mwana wachokera. Mtsikana wa ku CDSS yopanda labotale, amene ankabwerekana buku limodzi la masamu ndi anzake asanu, akapeza 1400 waonetsa zambiri kuposa mnzake wa pasukulu ya anthu olemera amene wapeza chimodzimodzi. Ine ndinganene kuti wotere atumize basi.

Mukatsimikiza zolemba, lembetsani pa tsamba la College Board, bungwe loyendetsa mayesowa, ndipo sankhani tsiku losapitirira Okutobala ngati mukufuna kufunsira msanga, chifukwa mafomu oyambirira ambiri amatsekedwa pa 1 Novembala. Kuyambira mu 2023 mayesowa amalembedwa pa kompyuta kudzera mu pulogalamu ya Bluebook, kwa maola awiri ndi mphindi 14. Yesererani pa laputopu yomweyo imene mudzalembere, ndipo muitchaje usiku wake poganizira kuzimazima kwa magetsi. Zokonzekera zaulere zili pa tsamba la pa intaneti la Khan Academy.

Musalembe mobwerezabwereza pofuna kungowonjezera malikisi 20 kapena 30; kawiri n'kokwanira. Nthawi yotsalayo muigwiritse ntchito polemba nkhani yanu ndi kupempha msanga makalata kwa aphunzitsi awiri amene amakudziwani bwino, ndipo a EducationUSA, alangizi a za maphunziro a ku America, ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe angakulangizeni popanda malipiro.