Kujambula tesseract pa kompyuta

Tesseract, yomwe ndi kyubu ya madayimenshoni anayi, simungaione ndi maso, koma mthunzi wake umaoneka. Kyubu yopangidwa ndi waya mukaiunika ndi tochi, pakhoma pamaoneka sikweya yaing'ono mkati mwa yaikulu. Tesseract nayo imaponya mthunzi wake m'madayimenshoni atatu, ndipo mthunziwo ndi umene timajambula. Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, yokhala ndi NumPy yowerengetsera ndi Matplotlib yojambulira, ikukwanirani.

Yambani ndi ngodya. Iliyonse ili ndi manambala anayi, x, y, z ndi w (w ndiye wa dayimenshoni yachinayi), ndipo nambala iliyonse ndi 1 kapena -1. Zonse pamodzi zikhala 16. Lumikizani ngodya ziwiri pokhapokha ngati zikusiyana pa nambala imodzi yokha. Mizere ikwane 32. Ikapitirira, mwina mwalumikizanso zopingasa.

Kuzungulitsa ndi kumene kumasokoneza ambiri. Mukazungulitsa x ndi y, kapena x ndi z, muona chinthu chikungotembenuka ngati kyubu wamba. Kuti dayimenshoni yachinayi ionekere, w alowemo. Posakaniza x ndi w pa engo a, x watsopano ndi x·cos(a) − w·sin(a), pomwe w watsopano ndi x·sin(a) + w·cos(a). Sungani x wakale musanamusinthe, apo ayi mzere wachiwiri ugwiritsa ntchito x watsopano ndipo chithunzi chipotoka. Engoyo ikhale m'ma radian, muyeso wa engo umene NumPy imagwiritsa ntchito, osati madigiri. Pa felemu iliyonse, kutanthauza chithunzi chilichonse cha kanemayo, werengetsani kuchokera pa ngodya zoyambirira zija, chifukwa kuzungulitsa zozungulitsa kale kumaunjika timaphonyo ting'onoting'ono.

Kenako ponyani mthunzi: gawani x, y ndi z ndi d − w, pomwe d ndi mtunda wa kamera yongoganizira kuchokera pakati, motsata w. Samalani pano. Ngodya iliyonse ili pa mtunda wa 2 kuchokera pakati, choncho mukaphatikiza kuzungulitsa kangapo, w angathe kufika pa 2. d akakhala 2 kapena kucheperapo, mugawa ndi ziro kapena nambala ya mainasi, mizere n'kuthawira kunja kwa sikirini. Ikani d pa 3.

Zikayenda bwino muona kyubu yaing'ono mkati mwa yaikulu, yamkati ikutuluka n'kumeza inzake. Musanyengeke nazo: makyubu onse 8 a tesseract ndi ofanana kukula, yamkatiyo yangokhala patali pa w. Kupaka mizere utoto motsata w, yapafupi yofiira, yakutali yabuluu, kumathandiza kwambiri diso kutsatira kyubu imodzi pamene ikutembenuka.