Kuona mphamvu yobwezera pa Displacement mu ANSYS Mechanical

Mu ANSYS Mechanical, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera mmene zinthu zimapiririra katundu, mukamaliza Solve (kuwerengetsa), dinani kumanja pa Solution, musankhe Insert, Probe, kenako Force Reaction. Pa Location Method ikani Boundary Condition, sankhani Displacement yanu (support imene imamanga malo kuti asasunthe, kapena asunthe mlingo umene mwalamula), basi Evaluate All Results. Apo palibe chovuta.

Liwu lakuti reaction ndiye landizunguza mutu. Ine ndalemba kuti mphamvu yobwezera. Ganizani mphanda za nkhokwe, chimanga chikamakanikiza pansi mphanda nazo zimakankha m'mwamba molingana, apo ayi nkhokwe yagwa. Displacement ndiye mphanda yanu, koma imabwezera mbali yokhayo imene mwaimanga, ngati pa X mwalemba 0 koma Y ndi Z mwasiya Free, pa Y ndi Z mudzaona ziro ndipo kompyuta sinalakwe. Mukalemba nambala ina, tinene 2 mm, mwalamula kuti malowo asunthe 2 mm, manje chimene probe ikupatsani ndi mphamvu yofunika kukankhira chitsulocho mpaka pamenepo.

Zotsatira zimaonetsedwa mu Global Coordinate System (X, Y ndi Z za model yonse) pokhapokha Orientation itasinthidwa.

Izi zotsatirazi chonde chitani. Musanakhulupirire mitundu yokongola ija ya stress (kupanikizika kwa mkati mwa chitsulo), yambani mwaphatikiza mphamvu zobwezera zonse muone ngati zikulingana ndi katundu amene mwasenzetsa. Beam yokhala pa mizati iwiri, 10 kN pakatikati, mzati ulionse uyenera kuonetsa 5 kN, chizindikiro (+ kapena -) chosiyana ndi cha katunduyo. Ngati munaika Standard Earth Gravity (mphamvu yokoka ya dziko) musaiwale kulemera kwa chitsulo chenichenicho, beam ya 40 kg imaonjezera pafupifupi 392 N, ndiye zonse pamodzi zikhale 10392 N.

Zikakana kulingana onani Weak Springs (masipuling'i ofooka amene pulogalamu imaika kuti chinthu chisayandame) mu Analysis Settings, zikakhala On zimatha kunyamulako mphamvu ina mwakachetechete, ndipo probe yomweyi ikhoza kukuonetsani kuti zatenga zingati. Chinanso ndi ma support awiri ogundana, wina pa face wina pa edge ya face yomweyo. Ma node (mfundo za mesh, ukonde wa tizidutswa timene pulogalamu imagawira chinthu) a pamalirepo ndi a onse awiri, mphamvu yawo imawerengedwa uku ndi uku, mukaphatikiza nambala imapitirira. Ine chinandidyera masana athunthu pa bulaketi ya thanki ya madzi, ndikumangochepetsa mesh mobwerezabwereza, osadziwa kuti vuto linali edge imodzi chabe imene ndinaimanga kawiri.