Dothi lonunkha dizilo sititapa ngati loyezetsa chonde

Alimi ambiri munazolowera katapidwe ka dothi lokayezetsa chonde: kuyenda mokhotakhota m'munda, kutapa apa ndi apo, kusakaniza mu ndowa, kuyanika pamthunzi, kenako n'kuika m'jumbo. Mukatero ndi dothi lomwe mukulikayikira kuti lalowa mafuta, ndalama zanu zalowa m'madzi. Petulo amauluka. Pofika ku labotale amakhala atathawa kale, zotsatira n'kunena kuti nthaka ili bwinobwino chikhalirecho chitsime chikununkha.

Vutoli timalipeza pachigayo cha dizilo, pagalaja pomwe amakhuthulirapo oyilo wakuda, padimba pomwe pamakhala injini yopopera madzi, komanso pomwe thanki ya mafuta inagubuduzika m'mbali mwa msewu. Mafutawo amatsika mpaka kukapeza madzi apansi, ndipo poti ndi opepuka amayandama pamwamba pake. Dzinja madzi akakwera, nawonso amakwera. Chilimwe amatsika nawo, n'kumapaka dothi lonse lapakatipo. N'chifukwa chake kukanda pamwamba ndi khasu sikutiuza kanthu. Ku Ogoniland ku Nigeria, lipoti la 2011 la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, linapeza zitsime zina zili ndi benzene wopitirira ka 900 mlingo umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalola m'madzi akumwa. Benzene ameneyu amapezeka mu petulo ndipo amayambitsa khansa ya m'magazi.

Boolani ndi auger, chitsulo choboolera nthaka chopota ndi manja chija. Dzenje loyamba likhale kumtunda komwe mafuta sanafikeko, kuti pakhale poyerekezera. Kenako tsikirani kumunsi, kulowera kuchitsime kapena kudambo, ndipo pomwe panatayikira penipeni muboole pomaliza. Tapani dothi pa theka la mita lililonse, ndiponso paliponse pamene mtundu wasintha kukhala wotuwa kapena wodera. Lofunika kwambiri ndi lonyowa lija la pamwamba penipeni pa madzi.

Dothi la pa mlingo uliwonse lilowe m'botolo lakelake lagalasi nthawi yomweyo. Dzazani mpaka pakamwa, osasiya mpata wa mpweya, pukutani mchenga pamilomo ya botolo kuti chivindikiro chigwire, lembani dzenje, kuya kwake ndi tsiku. Ikani m'bokosi la ayisi, kuzizira kwake pafupifupi madigiri 4, ndipo lipite tsiku lomwelo. Musanaboole n'komwe, funsani labotaleyo ngati imayeza mafuta m'dothi. Zambiri zimangoyeza chonde.

Auger muzitsuka ndi sopo ndi madzi oyera musanayambe dzenje lina, apo ayi mudzanamizira malo osalakwa. Mukamaliza tsekani dzenjelo ndi dothi lamakande n'kutsendera, lisasanduke njira yotsitsira mafuta. Kusuta fodya pamalopo ayi. Ndipo pamalo omwetsera mafuta musaboole nokha, pansi pamakhala mathanki, mapaipi ndi mawaya amagetsi. Imeneyo ndi ntchito ya akatswiri, kadziwitseni a zachilengedwe ku khonsolo kapena a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe.

Kanthu kena kamene kamasokoneza anthu kudambo: madzi akamawala ngati utawaleza, sikuti nthawi zonse ndi mafuta. Gwazani ndi kamtengo. Kuwalako kukasweka tizidutswatizidutswa ngati galasi, ndi dzimbiri la m'nthaka chabe. Kukazungulira n'kubwererana pamodzi, amenewo ndi mafuta, ndipo chitsime chapafupi musiye kumwa kufikira zotsatira zitabwera.