Musanadzale duwa ku Zomba, kayang'aneni kaye kuseri kwa mpanda

Anthu ambiri obwera pa kanazale kanga ku Matawale amafuna chomera chokula msanga, chosalira madzi, chosadyedwa ndi mbuzi kapena chiswe, chochita maluwa chaka chonse. Zomera zotero zilipo, ndipo n'zambiri. Vuto lake n'lakuti zomwe mukuzikonderazo n'zimenenso zimachititsa kuti chomeracho chikangodumpha mpanda pasapezeke wochibweza. Mbuzi imene yachikana pakhomo panu ikachikananso kudambo, ndiye chimangonka chitambalala mpaka msipu kutha.

Kuno nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa tonse tikukhala pamtsetse. Mvula ikagwa kuphiri, madzi amatsika ndi Mulunguzi ndi Likangala, kukokolola za m'ngalande zathu, kukathera ku Chilwa, nyanja imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Kanthambi kotayidwa m'ngalande ku Kalimbuka mu Januwale kangathe kukamera m'dimba la munthu kumunsi uko. Komanso Zomba ndi khomo lakale la zomera zachilendo. Alexander Whyte anatsegula munda woyeserera mbewu mu 1891, womwe lero ndi Botanic Garden, ndipo azungu a boma la atsamunda anadzaza mabwalo a nyumba zawo ndi maluwa ochokera kutali. Eni ake anapita, maluwa ena anatsala n'kulowa m'tchire.

Sikuti chachilendo chilichonse n'choipa ayi. Mango ndi achilendo, chimanga chomwe n'chobwera. Bougainvillea ndi hibiscus wa maluwa akuluakulu uja amakhala pamene mwawaika, safesa ana paokha. Vetiva amene timatchingira nthaka sabala njere zomera, ndiye mzere wake umakhala pomwepo zaka ndi zaka. Chofunika kufunsa si kumene chomera chinachokera, koma mmene chimaberekera ndi kumene ana ake amapita.

Mmene mungachizindikirire

Musangomvera wogulitsa, ngakhale atakhala ine. Pitani pamene pali chomera chachikulu cha mtundu womwewo, kwa aneba kapena m'mbali mwa msewu, muwerame muone pansi pake. Mukapeza timbande tambirimbiri timene palibe anatifesa, yambani kukayika. Zungulirani kuseri kwa mpanda, kudzala, m'ngalande. Malo amene sanama ndi pansi pa waya, kaya wamagetsi kaya woyanikapo zovala. Apumbwa akakhuta amatera pamenepo, ndipo zitosi zawo zimafesa mzere wowongoka bwinobwino wa timbande. Thyolani tsamba limodzi mulifikise ndi zala. Likakhala lokhakhala, lafungo lobaya mphuno, ameneyo ndi lantana. Nthawi zina mumzere womwewo mumapezeka magwafa, amenenso amafala mwanjira yomweyo, kungoti timawakhululukira chifukwa timadya.

Kayikirani chomera chilichonse chokhala ndi tizipatso tokoma kwa mbalame, cha njere zouluka ndi mphepo, kapena chimene kachidutswa kake kamangogwa pansi n'kugwira. Chitsanzo chili pamsewu wokwera ku Ku Chawe: tizipatso tachikasu tija anyamata amagulitsa m'timbale. Chitsamba chake chaminga, Rubus ellipticus, kwawo ndi ku Asia, koma anyani ndi mbalame achifesa ponseponse paphiri. Gulani mudye, anyamatawo apeze ya sopo, koma mbande yake musatsike nayo.

Mpanda

Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa aliyense amene wamanga nyumba koma njerwa za mpanda sizinakwane amafuna heji. Heji yoyenera kuipewa ndi ya lantana uja. Lantana camara anachokera ku Central ndi South America, ndipo bungwe loteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN linamuika pa mndandanda wa zamoyo 100 zolanda malo koposa padziko lonse, pamodzi ndi namasupuni ndi chitsamba cha kuphiri chija. Ng'ombe ikadya masamba ake chiwindi chimawonongeka, ndipo khungu, makamaka pamene pali mawanga oyera, limasupuka ikakhala padzuwa. Tizipatso take tosapsa n'toopsa kwa ana. Pamene wakhazikika, pansi pake sipamera udzu kapena mbande ya mtengo.

M'malo mwake ine ndimapereka Tecomaria, chitsamba cha maluwa ofiira molowera ku olenji, otalika ngati kalipenga. Mtundu wake wina, Tecomaria nyassae, ndi wa m'mapiri a chigawo chathu chino. Timbalame tamilomo yaitali toyamwa timadzi ta m'maluwa sitichoka pa heji yotere. Kuchulukitsa kwake n'kosavuta: dulani timitengo ta masentimita 15 mpaka 20 ku nthambi zimene zayamba kukhwima, chotsani masamba a m'munsi, zikani m'machubu a dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, ikani pamthunzi, muzithirira pang'ono tsiku lililonse. Pakatha mwezi ndi theka mizu imakhala itagwira. Wokerani motalikirana theka la mita. Kachilema kake n'kakuti nthambi ikagona pansi imamera mizu, choncho muzithenera maluwa akatha. Koma kufala kwake n'kwa pakhomo pomwepo, kumene chikwanje chimafikira.

Samalani ndi dzina pogula. Pali Tecoma stans, wa maluwa achikasu, wochokera ku America, amene amalendeweretsa timakoko tatitali todzaza njere zopyapyala zouluka. Ameneyo m'siyeni.

Ngati chimene mukufuna ndi minga, kuti mbuzi ndi oyenda usiku aganize kawiri, dzalani nthudza. Minga yake ndi yaitali, imalola kudulira, ndipo ana amapeza zipatso. Mitengo ya nthudza ilipo yaimuna ndi yaikazi, ndiye musadabwe ina ikapanda kubala. Pamzere wa mpanda zonse zimapezekamo. Imachedwa, zimenezo sindibisa. Bambo wina wa ku Chinamwali nditamuuza kuti adikire zaka zingapo anati, "Mayi, nanga akuba adikira nawo?" Ndinati, "Bambo, mangani wa bango kapena wa nsungwi chaka chino, nthudza muike m'kati mwake. Bango likamatha, nthudza zikhala zitalowa ntchito." Anatenga. Nkhadze ya makolo athu imagwiranso ntchito ndipo siilira madzi, koma utomoni wake ukalowa m'diso ndi nkhani ya kuchipatala, ndiye pakhomo pa ana aang'ono sindiilimbikitsa.

Nanga heji ya masamba achikasu ija yadzaza m'mabwalo a maofesi ndi masukulu, Duranta? Ikamametedwa pafupipafupi siifika pobala. Ikalekereredwa imabala tizipatso ta olenji timene mbalame zimanyamula, ndipo tili ndi poizoni. Amene muli nayo kale, musamalekeze kumeta. Amene mukuyamba kumene, bwanji osangoyamba ndi china?

Mitengo ya maluwa ndi ya mthunzi

Jakaranda akachita maluwa mu Okutobala, Zomba imakongola, ndipo sindingauze munthu kuti agwetse mtengo umene unadzalidwa agogo ake asanabadwe. Koma njere zake zimauluka n'kumera m'mbali mwa mitsinje, moti ku South Africa malamulo amamuwerengera pa zomera zofunika kuziletsa kufala. Mukafuna watsopano, makamaka ngati puloti yanu yayandikira madzi, dzalani muwale. Umachita maluwa ofiira psuu m'chilimwe, mtengo uli wopanda tsamba, nthawi imene pabwalo pamakhala fumbi lokhalokha. Sufuna n'chubu chomwe. Dulani nthambi yonenepa ngati mpini wa khasu, yotalika mita imodzi ndi theka, chakumapeto kwa chilimwe masamba asanaphuke. Iikeni pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri kuti bala liume, kenako izikeni theka la mita pansi n'kutsindira bwino. Mvula yoyamba ikaipeza ili m'nthaka, imaphuka. Njere zake zofiira zija ana amakonda kuseweretsa, koma asamaike m'kamwa.

Keshya wa maluwa, wachikasu uja, anthu amamukonda chifukwa amakula msanga ndipo ziweto sizimudya. Ndi yemweyo amene walanda nkhalango ya Mahale ku Tanzania. Maluwa achikasu mungawapeze pa mtowo, mtengo wosakula mopitirira, wokwanira pa puloti ya m'tauni, ndipo matowo ake mudzatafuna. Njere za mtowo zili ndi khungu lolimba. Zipaleni pang'ono kumbali ndi mpeni, muziviike m'madzi usiku umodzi musanafese. Pakabwalo kakang'ono, mphandula ndi wabwino ndi maluwa ake oyera a m'dzinja.

Pa mthunzi, anthu anazolowera senderela, Toona ciliata, amene mbande zake mudzazipeza zokhazokha m'makhwawa ambiri. Msikidzi umamuposa: sugwetsa masamba onse m'chilimwe ndipo mthunzi wake ndi wozizira. Chinsinsi chake chili pa njere. Ikangogwa, chotsani kachikopa kofiira kaja, tsukani, fesani sabata isanathe, chifukwa njere ya msikidzi ikauma yafa. Ambiri amene amati msikidzi ndi wovuta amakhala kuti anafesa njere zosungidwa m'botolo. Udzaleni mamita 8 kapena 10 kuchokera kunyumba. Mbawa ndi mfumu ya mitengo ya m'tauni muno, koma imafuna malo a sukulu kapena tchalitchi, osati puloti ya ku Chikanda. Kachere ndi mkuyu musaziyandikitse ku fondeshoni kapena ku dzenje la chimbudzi chamadzi. Mizu yake imafunafuna chinyezi mpaka kuswa simenti. Amene malire anu ndi mtsinje, katope ndi mwimbi zimagwira gombe ndipo kwawo ndi komweko.

Zam'madzi ndi zam'miphika

Duwa la namasupuni ndi lokongola, ndicho chifukwa chake anachoka ku South America n'kufika m'maiwe a anthu padziko lonse. Madzi akakhala ofunda ndi achonde, amatha kuwirikiza kawiri m'masabata awiri okha. Pa mtsinje wa Shire, iye ndi zomera zina zam'madzi amatseka polowera madzi ku makina a magetsi a ku Nkula, n'chifukwa chake pa Liwonde pali chotchingira ndi makina ozivuula. Ndiye munthu wa ku Zomba wosunga namasupuni m'kadziwe ka pakhomo, mvula yamphamvu imodzi ndiyokwanira kumutsitsira ku Likangala. Muvuuleni, muumitseni kutali ndi ngalande, mupange manyowa. M'malo mwake ikani kakombo wam'madzi, wa maluwa obiriwira motuwa uja wa m'madambo athu. Theka la diramu limakwana: chitsa chake mukachidzale mumphika wa dothi lamakande, pamwamba muthire timiyala kuti dothi lisavunduke, mumize mphikawo kuti madzi aupitirire ndi masentimita 30 kapena 40, pamalo a dzuwa lambiri. Ikanimo tinsomba tingapo, apo ayi mwatsegula khola la udzudzu pakhonde.

M'miphika, chovuta kwambiri ndi kachomera kamasamba onenepa kochokera ku Madagascar, Bryophyllum, kamene kamabala tiana kunsonga kapena m'mphepete mwa tsamba. Kamwana kalikonse kakagwa kamamera, ngakhale pamng'alu wa simenti, ndipo ziweto zikadya, makamaka maluwa ake, zimatha kufa. Ma aloe athu amagwira ntchito yomweyo yosalira madzi. Aloe cameronii, amene anayamba kudziwika kwa akatswiri kuchokera kuno ku Malawi, masamba ake amafiira m'chilimwe mukamusiya padzuwa osamuthirira kwambiri.

Deliya, chitsamba chachilendo cha maluwa achikasu chija, ndimamulekerera pang'ono, poti alimi amagwiritsa ntchito masamba ake ngati manyowa ndi mankhwala a tizilombo. Mukamusunga, muzimudula maluwa akangoyamba kufota, njere zisanakhwime. Ngati mukungofuna chikasu pabwalo, fesani mpendadzuwa.

Kuchotsa zimene zilipo kale

Kutentha lantana n'kutaya machesi, chifukwa chitsa chimaphukanso mwamphamvu. Dikirani mvula ifewetse nthaka. Valani malaya a manja aatali ndi magolovesi, popeza masamba ake amayabwa ndipo nthambi zimakanda. Yambani mwathyola nthambi zonse za zipatso, muike m'thumba kuti zikawotchedwe pazokha. Dulani zotsalazo kusiya chitsa chofika m'bondo kuti mupeze pogwira, kumbani mozungulira ndi khasu kapena piki, muzule mutu wonse wa mizu. Nthambi zikauma ndi nkhuni zoyatsira moto. Bryophyllum musamutaye kudzala kapena pa kompositi. M'mangeni m'jumbo lakuda, akhale padzuwa mpaka ataphikika. Ndipo malo amene mwazulapo musawasiye poyera. Njere zakale zili m'dothimo kudikira kuwala, choncho dzalanipo cholowa m'malo sabata yomweyo, phimbirani ndi udzu wouma, ndipo dzinja lino ndi lotsatira muzizula timbande tatsopano ndi manja tikadali tating'ono.

Nyengo yodzala mitengo ya dziko lino imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, koma musadikire kumapeto. Mbande yowokeredwa mu Disembala kapena Januwale imakumana ndi chilimwe mizu itazama. Ya mu Epulo mudzaisenzera keni mpaka Novembala. Dzenje la mtengo likhale masentimita 60 mbali zonse, dothi lapamwamba mulisakanize ndi manyowa owola bwino n'kulibwezera pansi.

Chonde musakwere phiri ndi khasu kukakumba aloe kapena maluwa a m'tchire. Ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo zambiri zokumbidwa motero zimafera m'miphika kutentha kwa kumunsi kuno kukazipeza. Funsani m'manazale, pemphani timitengo todula kwa aneba, ndipo za njere za mitengo yachilengedwe kafunseni ku Forestry Research Institute of Malawi, yomwe ili konkuno ku Zomba. Chomera chimene chakukaikitsani pitani nacho ku National Herbarium, kumene kuli akatswiri odziwa mayina a zomera. Tengani kanthambi kokhala ndi masamba pamodzi ndi duwa kapena chipatso, kaikeni pakati pa nyuzipepala, mulembepo malo amene mwakathyola, ndipo mujambulenso chomera chonsecho pa foni, chifukwa tsamba lokha nthawi zambiri silikwanira kuti atchule dzina.