Musanaumbe njerwa: momwe mungasankhire malo omanga nyumba kumudzi

Anthu ambiri amakapempha malo kwa amfumu mu Ogasiti kapena Seputembala, akagulitsa zokolola. Nyengo imeneyo paliponse pamaoneka pouma ndi pokongola, n'chifukwa chake ambiri amapusitsika. M'mudzi umodzi womwewo, malo awiri otalikirana mamita 200 okha atha kusiyana kwambiri pa kuzizira, mphepo ndi chinyontho. Malo mukawaone katatu: mu Febuluwale, mu Juni ndi mu Okutobala.

Ulendo wa Febuluwale ndiwo waukulu. Pitani mvula ikugwa kapena itangokata, muone kumene madzi akuchokera ndi pamene akuima. Pomwe mukufuna kuika maziko kumbanipo dzenje lakuya mita imodzi ndi theka, mulivundikire kuti mvula isagweremo, mudzalione mawa lake. Mukapezamo madzi, pachokeni. Pamalo otere chinyontho chimakwera m'khoma, pulasitala amasupuka m'munsi, ndipo chimbudzi chimadzaza madzi mpaka kutitimira. Bango ndi nsenjere zomera zokha zimakuuzaninso zomwezo.

Dothi lotuluka m'dzenjemo muliyang'ane. Katondo wofiira amagwira bwino maziko. Makande akuda amafufuma kukagwa mvula, n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo khoma limang'aluka nawo limodzi chaka ndi chaka ngakhale mutamata motani.

Ngati malowo ali m'tsinde mwa phiri, musamange pakamwa pa khwawa, ngakhale lioneke louma kwa zaka zambiri. Miyala ikuluikulu yoti mbwee pachigwa sinamere pamenepo, inabwera ndi napolo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Chilobwe, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, ndipo matope ndi miyala zinatsata makwawa omwewa. Kuchigwa cha Shire, onani zinyalala zokodwa m'nthambi za mitengo, mufunsenso akuluakulu pomwe madzi analekezera mu 2015 ndi 2019.

Mu Juni dzukani cha m'ma 5 koloko m'mawa, muyende kuchokera pamtunda kutsikira kudambo. Mudzamva m'miyendo pomwe kuzizira kwayambira. Mpweya wozizira ndi wolemera, ndiye usiku umatsetserekera kumunsi n'kukakhazikika m'dambo, momwenso nkhungu imachedwa kuchoka. M'madera okwera ngati Dedza, Ntcheu ndi Mzimba, chisanu chimawaula nthochi ndi tomato m'madimba pamene kumtunda kulibe kanthu. Pamwamba penipeni pa chitunda napo si pabwino, chifukwa mphepo iliyonse imafikira pomwepo. Malo abwino amakhala pakati, potsetsereka pang'ono.

Ulendo womwewu muone kumene mphepo ikuchokera. Mwera umaomba kuchokera kummwera chakummawa kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndipo ku Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Zomba umabwera ndi chiperoni chonyowetsa makoma. Khomo lalikulu lisayang'ane kumeneko. Ngati kulibe chitunda chotchinga, dzalani mzere wa mitengo mbali imeneyo. Mzere wotere umafooketsa mphepo pamtunda wokwana pafupifupi kakhumi kutalika kwa mitengoyo. Bulugamu yekha akhale kutali, mizu yake imamwa madzi ambiri ndipo nthambi zake zimathyokera padenga. Khitchini ndi khola zikhale mbali imene mphepo ikupita, utsi ndi fungo zisamabwerere m'nyumba.

Mu Okutobala pitani cha m'ma 3 koloko masana. Dzuwa la nthawi imeneyo limawotcha khoma la kumadzulo, njerwa n'kusunga kutenthako mpaka pakati pa usiku. Ikani nyumba moti makoma aafupi ayang'ane kummawa ndi kumadzulo, aataliwo pamodzi ndi mawindo ayang'ane kumpoto ndi kummwera. Phindu lake lina ndi lakuti mu Juni dzuwa limapendekera kumpoto, ndiye khonde la mbali imeneyo limafunda nthawi imene mukulifuna. Mtengo wa mango kapena m'bawa womwe uli kale kumadzulo musaudule, bola ukhale mamita osachepera 8 kuchokera pakhoma. Ku Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Karonga, kumene mdani ndi kutentha, sankhani pamalo podutsa kamphepo ndipo mawindo ayang'anizane. Denga lipitirire khoma ndi masentimita 60, ndipo mitanda yake imangidwe ndi waya wolowa m'khoma, poti mikuntho ya mvula yoyamba ndiyo imasasula malata.

Musanazike zikhomo, onani pomwe padzakhale chimbudzi: chikhale kumunsi kwa chitsime, ndipo zitalikirane mamita osachepera 30. Malo opanda mpata woterewu ndi osakwanira, ngakhale nyumba itakwanapo. Ndipo ngati pali chulu chamoyo pafupi, konzekerani mankhwala a chiswe m'maziko musanathire konkire.