Kumanga kandege kankhondo ka pulasitiki: yambani ndi Fokker, Camel idikire

Kunja kuno nthawi yopuma imabwera mosadziwika bwino. Wina amaweruka shifiti ya usiku anzake akudzuka, wina ali m'dziko lomwe miyezi yozizira mdima umagwa anthu asanachoke kuntchito. Pa zinthu zomwe munthu angachite m'kachipinda ka lendi osasokoneza oyandikana nawo, kumanga tindege ta pulasitiki n'chimodzi chabwino. Mumagula bokosi, m'katimo muli tizidutswa tolumikizika pa chimango, pepala la malangizo ndi zizindikiro zomata. Pano ndikukamba za ndege za Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse, ya 1914 mpaka 1918, zija za mapiko osanjikizana. Zovuta zake n'ziwiri: phiko lapamwamba lomwe limakhala pa timizati towonda, ndi mawaya omwe ankalimbitsa mapikowo. Kuyambira posankha bokosi, maganizo anu akhale pa ziwirizi.

Ambiri amakopeka ndi Sopwith Camel ya ku Britain chifukwa cha kutchuka kwake. Musayambe nayo. Camel, S.E.5a ndi SPAD XIII ya ku France zili ndi mawaya ambiri opingasana pakati pa mapiko, ena oyenda awiriawiri, ndipo woyamba kumene amatopa asanafike pakati. Yambani ndi Fokker Dr.I ya ku Germany ya 1917, ija ya mapiko atatu yomwe katswiri wa ndege zankhondo Manfred von Richthofen anaphedwa akuyendetsa pa 21 Epulo 1918. Ikuoneka yovuta koma si choncho. Mapiko ake anali okhuthala, olimba paokha, choncho mawaya ndi ochepa: opingasana patsogolo pa woyendetsa, ena pakati pa miyendo ya matayala, ndi tingwe tochepa towongolera. Fokker D.VII ya 1918 nayonso ili chimodzimodzi pa mawaya. Imeneyi inawasautsa adani ake mpaka pangano loleka nkhondo la pa 11 Novembala 1918 linachita kuitchula dzina kuti Germany ipereke ndegezo.

Pa bokosi mudzaona nambala monga 1/72, 1/48 kapena 1/32. Imeneyo ndi sikelo. Dr.I yeniyeni inali mamita 7.19 kuchokera nsonga ya phiko kufika nsonga ina, ndiye pa 1/72 imatuluka masentimita 10, pa 1/48 masentimita 15, pa 1/32 pafupifupi 22. Ndege za nthawiyo zinali zazing'ono kale, moti pa 1/72 timizati timawonda kwambiri ndipo timathyoka mukangotipana molakwika. Ine ndimalangiza 1/48: zala zimagwira bwino, maso savutika, ndipo kandege komalizidwa sikadya malo pashelefu.

Airfix ndi Revell ndi mayina omwe mudzakumana nawo kwambiri, ndipo onse amagulitsanso mabokosi okhala ndi guluu, burashi ndi timapenti m'katimo. Eduard ya ku Czech Republic ili ndi ndege zabwino za 1/48, koma onetsetsani mtundu: Weekend ndi wosavuta, pomwe ProfiPACK umabwera ndi tizitsulo topyapyala tofuna kupinda, zomwe si za tsiku loyamba. Roden ya ku Ukraine ili ndi mitundu yambiri yosowa kwina koma imafuna dzanja lozolowera. Wingnut Wings ya ku New Zealand inatseka mu 2020, ndiye mabokosi ake otsala amakwera mtengo, asiyeni kaye.

Zida sizichuluka. Kapulayazi kodulira tizidutswa pa chimango, kampeni kakuthwa kosinthitsa lezala, chopanira chaching'ono, sandipepala wosalala, tepi ya pepala, maburashi awiri kapena atatu, ndi kaboolero kapamanja ka mamilimita 0.3. Ku Britain kampeni sagulitsa kwa wosakwana zaka 18, choncho musadabwe akakufunsani chiphaso ngakhale mwagula pa intaneti. Guluu mufunika mitundu iwiri. Wa pulasitiki, monga Tamiya Extra Thin, samata ngati ulimbo ayi. Amasungunula pulasitikiyo pang'ono n'kulumikiza mbali ziwirizo kukhala chimodzi. Mumagwirizanitsa kaye tizidutswa, kenako n'kukhudza mzere ndi kaburashi, guluuyo amayenda yekha. Chala chikakhala pamzerepo chidindo chake chimatsalira mpaka kalekale. Wachiwiri ndi supaguluu, wa mawaya ndi tizitsulo.

Za penti, ganizirani komwe mukugona. Ya enamelo imanunkha ndipo imafuna thina, zomwe m'nyumba yogawana ndi anthu ena zimabweretsa mkangano, makamaka nyengo yozizira mawindo ali chitsekere. Ya akiriliki yosungunulira madzi, monga Vallejo, fungo lake n'lochepa ndipo imauma msanga. Ngakhale zili choncho tsegulani windo pogwiritsa ntchito guluu, musamuyandikize ku chitofu kapena hita, ndipo yalani katoni patebulo. Dontho la supaguluu pa kapeti ya eni nyumba likhoza kukudyerani dipoziti.

Tsopano ntchito yeniyeni. Tsukani zimango m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, ziume. Dulani kachidutswa pokhapokha mukakafuna, chifukwa nambala yake ili pa chimango osati pa iko. Musanapake guluu paliponse, yesani kaye ngati zikulowana. Mumayamba ndi mokhala woyendetsa, n'kupenta m'kati musanatseke mbali ziwiri za thupi la ndege.

Apa ndi pomwe ndegezi zimasiyana ndi zamakono: malangizo akhoza kusonyeza kuti mumange zonse kenako mupente, koma phiko lapamwamba likakwera, burashi sifikanso pansi pake. Pentani thupi, mapiko ndi timizati padera, matani zizindikiro, boolani mabowo onse a mawaya, kenako mulumikize. Pamalo pomwe guluu adzagwire palani pentiyo ndi nsonga ya mpeni, chifukwa guluu wa pulasitiki sagwira pa penti.

Zambiri mwa ndegezi zinali za matabwa ndi nsalu yokokedwa n'kupakidwa mankhwala olimbitsa. Propela inali yathabwa, timizati ta ndege zambiri n'chimodzimodzi, ndipo ndege ya ku Germany yotchedwa Albatros thupi lonse linali la pulayiwudi. Kuti pulasitiki ioneke ngati thabwa, pakani kaye akiriliki wa mtundu wa mchenga. Ikauma, pakani pang'ono penti ya mafuta ya ojambula zithunzi, yofiirira, n'kuikoka ndi burashi youma kutsata utali wa chidutswacho kuti isiye timizere. Penti ya mafuta imatenga masiku kuti iume, ndiye ikani m'kabokosi fumbi lisagwerepo, muiwale. Pomaliza vanishi wonyezimira wachikasu pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito yonseyi gawo lino ndi lomwe limapindulira wodekha kwambiri.

Mitundu ya kunja ili pa pepala la malangizo, koma n'kwabwino kudziwa chifukwa chake. Ndege za Britain pamwamba zinkapakidwa PC10, mtundu wa pakati pa khaki, bulawuni ndi wobiriwira womwe omanga tindege amatsutsanabe za iwo mpaka lero, pomwe pansi inali nsalu yamtundu wa kirimu. Dr.I inkachoka ku fakitale ili ndi mikwingwirima yobiriwira yopakidwa ndi burashi, pansi buluu wowala, ndiye mizere ya burashi yanu pa ndege imeneyi si cholakwa. Yofiira yonse ija inali ya Richthofen, osati zonse. D.VII zambiri zinavala nsalu yosindikizidwa timabokosi ta mitundu inayi kapena isanu. Musayese kujambula pamanja, gulani bokosi lomwe lili ndi mapepala ake omata. Penti iliyonse isungunuleni pang'ono, mupake kawiri kapena katatu mopyapyala.

Zizindikiro zomata zimafuna malo osalala. Pakani vanishi wonyezimira kaye, apo ayi mpweya umatsalira pansi pake n'kumaoneka mbuu ngati siliva. Viikani chizindikiro m'madzi ofunda kwa kanthawi, chitsetsereni pamalo ake ndi burashi yonyowa, finyani madzi ndi kathonje. Mankhwala monga Micro Sol amachifewetsa kuti chitsate nthiti za phiko. Chikayamba kukwinyika musachikhudze, chimawongoka chokha pouma.

Phiko lapamwamba musalikweze mutatopa. Matani kaye timizati tapakati, ta pathupi la ndege, ndipo guluu asanalimbe yesani phikolo pamwamba kuti muone ngati nsonga zikulowa m'mabowo. Zikauma usiku wonse, gonekani phiko chagada patebulo, tembenuzani ndegeyo n'kuitsitsira pamwamba pake. Timidadada ta Lego kapena katoni yodulidwa bwino zimathandiza kuigwira mowongoka. Timizati takunja lowetsani pambuyo, kamodzikamodzi. Yang'anani kuchokera kutsogolo, pamwamba ndi kumbuyo guluu akadali wofewa, chifukwa phiko lopendekeka silibisika.

Mawaya ali ndi njira zingapo. Yosavuta ndi ulusi wotamuka wopangidwira ntchitoyi, monga EZ Line: kadontho ka supaguluu pa kamtengo kotokosera m'mano, ikani m'bowo, lowetsani nsonga, dikirani igwire, dulani ulusiwo mofupikirako, kokerani ku bowo linalo. Chifukwa umatamuka, chala chikaugunda suduka. Ena amakonda twaini woonda wophera nsomba, yemwe amalimbitsadi mapiko ngati mwaboola mpaka kuseri, kukoka, kumata, kudula n'kutseka bowolo. Njira yakale ndi kutenthetsa chidutswa cha chimango pa kandulo n'kuchikoka mpaka chiwonde, koma m'nyumba ya alamu ya utsi ndi malamulo a lendi oletsa makandulo, ine sindingakulimbikitseni. Yambani ndi mawaya am'kati, mumalizire akunja.

Musaidetse kwambiri ndege yanu, popeza zambiri sizinkakhalitsa. Chomwe chili choona n'chakuti injini ya Camel ndi ya Dr.I inkazungulira yonse pamodzi ndi propela, ndipo inkamwaza mafuta a nsatsi omwe ankaifewetsa. Timizere tochepa tofiirira pansi pa thupi kuseri kwa injini, ndi matope pang'ono pa matayala, zakwana.

Ngati muli pafupi ndi ndege yeniyeni, pitani mukaione musanapente. Nyumba yosungira ndege zakale ya RAF Museum ku London ili ndi Camel ndi D.VII, ya Shuttleworth Collection ku Old Warden, konko ku Britain, imaulutsabe zina za nthawiyo, ndipo nyumba yosungira mbiri ya nkhondo ku Johannesburg ili ndi S.E.5a. Dr.I yeniyeni ya nthawiyo palibe yomwe inatsala, zomwe mungaone ndi zopanganso. Bungwe la IPMS, la anthu omanga tindege ndi zina za pulasitiki, lili ndi magulu m'mayiko ambiri ndipo limachititsa chionetsero chachikulu ku Telford, ku Britain, mwezi wa Novembala. M'magulu otere mumapeza mabokosi akale otsika mtengo ndi anthu okonzeka kukuonetsani kamangidwe ka mawaya pamaso.

Tsiku losamuka nyumba kapena lokwera ndege, penti ya enamelo, thina, zopopera ndi guluu wa pulasitiki n'zoyaka moto ndipo pa ndege saloleza m'chikwama chilichonse, patsani anzanu. Kampeni kalowe m'katundu wopita pansi pa ndege, osati wa m'manja. Kandege komalizidwa kaikeni m'kontena yolimba, thupi lake ligone pa siponji yodulidwa kuti matayala ndi mapiko zilendewere osakhudza kanthu, propela muichotse muikulunge payokha, ndipo kontenayo muinyamule m'manja.